Benzi, BMW ndi Audi: Kugula, Kubwereka ndi Kusamala Galimoto Yapamwamba ya ku Germany

Ku Germany, pa magalimoto atatu alionse atsopano, pafupifupi awiri amalembetsedwa m'dzina la kampani osati la munthu. Tikafika pa magalimoto akuluakulu a Mercedes-Benz, BMW ndi Audi, gawo la makampani limakula kuposa pamenepo. Bwana amene akuthamanga pa msewu wa pakati pa Stuttgart ndi Munich nthawi zambiri si mwini galimoto imene akuyendetsayo. Mwini wake ndi banki kapena kampani yobwereketsa. Iyeyo wangopatsidwa kuti aziyendera kwa zaka zitatu, zikatha akabweze makiyi n'kutenga ina yatsopano.

Aliyense amene amasirira magalimotowa, kaya ali ku Lilongwe, ku Chipata, ku Johannesburg kapena ku Manchester, ayenera kuyambira pa mfundo imeneyi. Opanga ake amakhala ndi munthu wina m'maganizo: woyenda m'misewu yosalala, wothira mafuta oyengedwa bwino, wokhala pafupi ndi galaja ya kampani, amene adzaisiye galimotoyo isanayambe kuvuta. Ikachoka kwa iye n'kupita kwa mwini wachiwiri kapena wachitatu, mtengo wogulira umagwa kwambiri, koma mtengo woisamalira sugwa nawo.

Kumene mayinawa anachokera

Pa 29 Januwale 1886, Carl Benz wa mumzinda wa Mannheim analembetsa ku boma galimoto yake ya matayala atatu yoyendera petulo. Anthu sanachite nayo chidwi mpaka mu Ogasiti 1888, pamene mkazi wake Bertha anaitenga m'mamawa, mwamuna wake asakudziwa, n'kuyenda nayo ndi ana awo awiri aamuna makilomita oposa 100 kupita ku Pforzheim kwa mayi ake. Malo omwetsera mafuta kunalibe, moti anakagula mafuta m'sitolo ya mankhwala m'tauni ya Wiesloch. Ulendowo unasonyeza kuti chinthucho chikhoza kufikitsa munthu kutali.

Pa nthawi yomweyo, ku Cannstatt pafupi ndi Stuttgart, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach nawonso ankapanga mainjini awo. Kasitomala wawo wamkulu, Emil Jellinek, amene ankagulitsa magalimoto kwa anthu olemera mumzinda wa Nice ku France, anaitanitsa mtundu watsopano n'kulamula kuti utchedwe dzina la mwana wake wamkazi, Mercédès. Galimotoyo inayamba kupambana m'mipikisano mu 1901. Mavuto a zachuma amene anadza itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakakamiza kampani ya Benz ndi ya Daimler kuphatikizana mu 1926, ndipo dzina loti Mercedes-Benz linayambira pamenepo.

BMW ya ku Munich inayamba mu 1916 ndi mainjini a ndege. Njinga yake yoyamba yamoto inatuluka mu 1923, ndipo magalimoto inayamba kupanga itagula fakitale ya ku Eisenach mu 1928. Mu 1959 kampaniyi inatsala pang'ono kumezedwa ndi Daimler-Benz chifukwa cha ngongole, koma Herbert Quandt anaikamo ndalama zake n'kuipulumutsa, ndipo banja lake lidakali ndi gawo lalikulu mu kampaniyi. Mphete zinayi za Audi zimaimira makampani anayi amene anagwirizana mu 1932 n'kupanga Auto Union: Audi, DKW, Horch ndi Wanderer. Masiku ano likulu la Audi lili ku Ingolstadt ndipo ili m'gulu la Volkswagen, limodzi ndi Porsche, imene inatulutsa galimoto yoyamba ya dzina lake mu 1948 ndi mtundu wotchuka wa 911 mu 1963. Mbiri ya makampaniwa ili ndi mbali yake yakuda: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mafakitale a Daimler-Benz, BMW ndi Auto Union anagwiritsa ntchito akaidi ndi anthu ogwidwa ukapolo m'mayiko amene asilikali a Hitler analanda.

Chimene ndalamazo zimagula

Misewu ikuluikulu ya ku Germany, imene eni ake amaitcha Autobahn, ili ndi zigawo zambiri zopanda malire a liwiro. Boma limangolangiza kuti munthu asapitirire makilomita 130 pa ola, koma si mlandu kupitirira. Choncho injiniya wa ku Stuttgart kapena ku Munich amapanga galimoto yoti ikhoza kuthamanga makilomita 200 pa ola kwa nthawi yaitali osatentha injini, osagwedezeka, n'kuimanso msanga patsogolo pakaoneka ngozi. Makampani akuluakuluwa anagwirizana kalekale kuti magalimoto awo ambiri azithera pa makilomita 250 pa ola. Apa m'pamene pamachokera mabuleki akuluakulu, matayala otambalala koma opyapyala m'mbali, ndi thupi lotsika pafupi ndi msewu. Zonsezi n'zabwino pa Autobahn, koma zimasanduka vuto pa msewu wa maenje.

Ndalama zambiri zimapitanso ku chitetezo. Injiniya wa Mercedes-Benz, Béla Barényi, ndiye anayambitsa nzeru yoti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuzifwanyika pa ngozi kuti chipinda cha anthu chitsale chilili, ndipo nzeruyi inalowa m'magalimoto akuluakulu a kampaniyi mu 1959. Mabuleki a ABS, amene salola matayala kukanirira poima mwadzidzidzi, anatuluka pa S-Class mu 1978 mogwirizana ndi kampani ya Bosch. Thumba la mpweya loteteza dalaivala linabwera mu 1981, ndipo makina a ESP othandiza kuti galimoto isatsetsereke pokhota anabwera mu 1995. Lero zinthu zimenezi zimapezeka ngakhale m'timagalimoto ting'onoting'ono totchipa. Wogula galimoto yapamwamba amalipira kuti akhale woyamba kuzilawa. Kuipa kwake n'kwakuti chipangizo chatsopano chilichonse chimene chalowa m'galimoto chidzafuna kukonzedwa tsiku lina, ndipo amakaniko ambiri amakhala asanachizolowere.

Njira zopezera makiyi

Njira yoyamba ndi yolipira ndalama zonse pamodzi. Galimoto imakhala yako kuyambira tsiku lomwelo, koma kugwa kwa mtengo wake kumakhalanso kwako wekha. Njira yachiwiri ndi ngongole ya kubanki: umalipira dipoziti, zotsalazo umabweza mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo ukamaliza galimoto ndi yako.

Njira yachitatu, imene ndiyo yofala pa magalimoto apamwamba ku Germany ndi ku America, ndi leasing. Kumeneku ndi kubwereka galimoto yatsopano kwa zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi. Wobwereka salipira mtengo wonse wa galimoto, amalipira mtengo umene galimotoyo itaye ili m'manja mwake. Tiyerekeze kuti galimoto ndi ya mayuro 60,000, ndipo kampani yawerengera kuti pakatha zaka zitatu idzakhala ya mayuro 33,000. Kusiyana kwake ndi mayuro 27,000. Tikagawa ndi miyezi 36, tikupeza mayuro 750 pa mwezi, kenako n'kuwonjezerapo chiwongoladzanja. Ndalama ya pamwezi imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi ya munthu amene akubweza ngongole ya mayuro 60,000 onse m'zaka zitatu zomwezo. N'chifukwa chake munthu wa malipiro apakatikati amatha kuoneka m'galimoto imene sakanaigula.

Mgwirizano wa leasing uli ndi zingwe zake. Umanena makilomita amene munthu angayende pa chaka, mwina 10,000 kapena 20,000, ndipo kilomita iliyonse yopitirira imalipiridwa padera. Galimoto iyenera kupita ku sevisi pa nthawi yake ku galaja yovomerezeka. Tsiku lobweza, katswiri amaiyendera yonse, ndipo kukalika kwa penti, rimu yokhulika pa mwala kapena mpando wong'ambika zimalembedwa pa bilu. Kuthetsa mgwirizano nthawi isanakwane, ngakhale ntchito itatha, kumadula kwambiri. Palinso mtundu wina wa mgwirizano umene wobwereka amalonjeza kuti galimotoyo idzagulitsidwa pa mtengo wakutiwakuti, ndipo msika ukagwa iye ndiye amalipira zoperewerazo. Pa mapeto a zonse, munthu walipira kwa zaka zitatu koma alibe chogulitsa.

Chimene chimachititsa kuti makampani a ku Germany akonde njirayi ndi msonkho. Kampani imawerengera ndalama za leasing monga zowonongedwa pa bizinesi. Wantchito amene wapatsidwa galimoto ya kampani n'kumayenderanso maulendo ake, boma limamuwerengera 1 peresenti ya mtengo wa galimotoyo mwezi uliwonse ngati gawo la malipiro ake. Pa galimoto ya mayuro 60,000, ndiye kuti amadulidwa msonkho pa mayuro 600 owonjezera, kuphatikizapo kena kake kotengera mtunda wa pakati pa nyumba ndi ntchito. Kwa iye zimenezi n'zotchipa kuposa kugula yake. Lamulo limeneli ndi limodzi mwa mizati imene yagwira msika wa magalimoto apamwamba m'dzikolo.

Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku Britain amakumana ndi njira ina yotchedwa PCP. Munthu amapereka dipoziti, amalipira pang'onopang'ono kwa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo pomaliza pamatsala chindalama chimodzi chachikulu. Akhoza kuchilipira n'kutenga galimoto, akhoza kubweza galimotoyo, kapena kuisinthitsa ndi ina n'kuyamba mgwirizano watsopano. Ambiri amasankha kusinthitsa, motero salekanso kulipira. Ku South Africa mabanki amapereka ngongole za miyezi 72 zokhala ndi chindalama chomaliza chotere, chimene kumeneko amachitcha balloon. Msampha wake ndi wakuti pakati pa ulendo ngongole imatha kukhala yaikulu kuposa mtengo wa galimoto. Ukafuna kugulitsa, ndalama zimene wapeza sizikwana kutseka ngongoleyo.

Ku Malawi, kubwereka kwa nthawi yaitali kumachitika makamaka pakati pa makampani ndi mabungwe. Munthu wamba amagula ndi ndalama zake kapena ndi ngongole, ndipo ngongole kuno ndi yodula. Mu 2024 banki yaikulu ya dziko inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa anthu ambiri pamwamba pa pamenepo. Munthu atakongola K50 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka zisanu, chiwongoladzanja cha chaka choyamba chokha chingapitirire K14 miliyoni, kwinaku katundu amene wakongolerayo akutsika mtengo.

Chifukwa chake mtengo umagwa

Si zachilendo kuti galimoto yaikulu ngati S-Class, BMW 7 Series kapena Audi A8 itaye theka la mtengo wake, ngakhale kupitirira, isanakwanitse zaka zisanu. Zifukwa zake zilipo zitatu. Chaka chilichonse magalimoto ambirimbiri amene nthawi yawo ya leasing yatha amathiridwa pa msika nthawi imodzi. Anthu amene ali ndi ndalama zosamalira galimoto yotere amafuna yatsopano, osati ya mnzawo. Ndipo ogula otsalawo amadziwa kuti lonjezo la kampani lokonza ulere latha kapena latsala pang'ono kutha, choncho amachotseratu pa mtengo ndalama zimene akuopa kuti adzawononga ku galaja.

Apa m'pamene ulendo wachiwiri wa galimoto umayambira. Magalimoto akale a mu Germany mwenimwenimo ali ndi chiwongolero kumanzere, choncho amalowera kum'mawa kwa Ulaya, kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa. Ife timayenda kumanzere kwa msewu ndi chiwongolero cha kumanja, motero mabenzi ndi ma BMW athu amachokera ku Japan, ku Britain, ku Singapore ndi ku South Africa. Munthu akaona pa intaneti C-Class ya zaka khumi ikugulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa Toyota yaing'ono, amaganiza kuti watola chikwama. Komatu msika sunalakwitse. Mtengowo watsika chifukwa ogula a kumeneko akudziwa zimene zikubwera.

Ajeremani a ku South Africa

Magalimoto ambiri amene timawatcha a ku Germany sanapondeko m'dzikolo. BMW X5 imapangidwa ku Spartanburg ndipo Mercedes GLE ku Tuscaloosa, konseku ku America. Porsche Cayenne imapangidwa ku Bratislava m'dziko la Slovakia. Pafupi ndi kwathu, fakitale ya BMW ya ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria inakhala yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Germany mu 1973. Inapanga 3 Series kwa zaka zambiri mpaka 2018, pamene inayamba kupanga X3. Ku East London, Mercedes-Benz imapanga C-Class imene imatumizidwa m'mayiko ambiri, ndipo Volkswagen ili ndi fakitale ku Kariega, kumene kale kunkatchedwa Uitenhage.

Magalimotowa analowa m'mbiri ya dzikolo. Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, antchito a fakitale ya ku East London anapempha mabwana awo kuti amupangire S-Class yofiira. Anaipanga pa nthawi yawo yopuma osalandira malipiro, n'kukaipereka mu Julayi chaka chomwecho pa bwalo la masewero ku Mdantsane. Galimotoyo tsopano ili ku Apartheid Museum mumzinda wa Johannesburg. Ku Soweto nako, BMW 325iS ya m'zaka za m'ma 1990 inapatsidwa dzina loti Gusheshe, ndipo ndiyo mfumu ya masewera ozungulitsa galimoto malo amodzi mpaka matayala kufuka utsi.

Kwa wogula wa ku Malawi, ku Zambia kapena ku Tete, kuyandikana ndi South Africa kuli ndi phindu looneka. Masipeya ambiri a mitundu imene imapangidwa kapena kugulitsidwa kwambiri kumeneko amapezeka ku Johannesburg ndipo amafika pa basi m'masiku ochepa. Komanso BMW yatsopano ku South Africa imagulitsidwa ndi Motorplan, mgwirizano wosamalira galimoto kwa zaka zisanu kapena makilomita 100,000. Anthu a kumeneko amadziwa kuti mgwirizanowu ukangotha mtengo wa galimoto umatsika, ndipo ambiri amagulitsa nthawi imeneyo isanakwane.

Kuchokera pa doko kufika pakhomo

Galimoto yochokera ku Japan kapena ku Britain imatsikira kwambiri pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena pa doko la Durban n'kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pa Mwanza. Mtengo wolembedwa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima ya pamadzi ndi inshuwalansi ya panyanja, zolipira pa doko, ejenti wotulutsa katundu, dalaivala kapena thiraki yonyamula, kenako msonkho wa MRA. Msonkhowu umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo magalimoto apamwamba a ku Germany amagwidwa mbali zonse ziwiri, chifukwa ambiri ali ndi mainjini akuluakulu ndipo amafika kuno atakalamba. Wanzeru amafunsa kaye msonkho asanatumize ndalama kunja. Alipo amene galimoto yawo inathera pa boda miyezi ikuwunjika ndalama zosungira chifukwa anayamba n'kugula, kufunsa pambuyo. Ikalowa m'dziko, pamatsala kulembetsa ku Road Traffic, kutenga COF ndi kudula inshuwalansi.

Dziko lililonse limasiya chizindikiro chake pa galimoto. Ya ku Japan kawirikawiri imakhala itayenda mtunda wochepa, koma m'misewu yodzaza ya m'mizinda momwe injini imalira nthawi yaitali galimoto ili chiimire, ndipo wailesi ndi mapu ake zimakhala m'Chijapani. Ya ku Britain imawerenga mtunda m'mamailosi, ndipo pansi pake pakhoza kukhala dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira. Konsekonse kuli akamberembere amene amabweza m'mbuyo nambala ya mtunda, choncho buku la sevisi ndi mapepala a ku okushoni n'zofunika kuposa zithunzi zokongola.

Benzi ya kale ndi ya lero

Mbiri yoti benzi siifa inachokera ku magalimoto a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mtundu wa W123, umene unapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, unatuluka magalimoto pafupifupi 2.7 miliyoni. Injini yake ya dizilo inali yaulesi koma yolimba, yopanda kompyuta, yoti makaniko wa sipanala ndi khutu lakuthwa ankatha kuikonza pansi pa mtengo. Ku Morocco magalimoto amenewa anagwira ntchito ya takisi za maulendo ataliatali kwa zaka makumi angapo. Dalaivala wina wa takisi wa ku Thessaloniki m'dziko la Greece anayenda makilomita 4.6 miliyoni pa benzi yake ya 240D, mpaka kampani inaitenga kukaiika m'nyumba yake yosungira zakale.

Galimoto ya lero ndi ina. Ili ndi makompyuta ambirimbiri olankhulana, ndipo nyali ikayaka pa dashibodi pamafunika makina owerengera vuto, osati kungoganizira. Pa ma BMW ambiri, ngakhale kusintha batire kumafuna kuuza kompyuta ya galimoto kuti mwalowa batire yatsopano, apo ayi imaitchaja molakwika n'kuifupikitsa moyo. Mitundu ikuluikulu imakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Kukoma kwake pa msewu n'kosaneneka, koma thumba likabooka galimoto imapezeka m'mawa itakhala pansi mbali imodzi, ndipo pampu imene imalimbana ndi kudzaza thumba lobookalo imapsa nayonso. Ma BMW ambiri amabwera opanda tayala lapadera chifukwa ali ndi matayala otha kuyenda makilomita pafupifupi 80 ataphwa. Nzeru imeneyi imathandiza kumene sitolo ya matayala otere ili pafupi. Pakati pa Kasungu ndi Mzimba nkhani yake ndi ina.

Oyilo nayenso sangokhala aliyense. Mercedes-Benz ndi BMW ali ndi manambala awo a oyilo wovomerezeka, monga MB 229.5 ndi BMW Longlife-04, ndipo oyilo wa m'zigubu zopanda dzina amapha turbo ndi tcheni cha injini mwakachetechete. Ku Ulaya galimoto imatha kuyenda makilomita mpaka 30,000 isanasinthe oyilo, koma m'fumbi ndi kutentha kwa kuno amakaniko odziwa amalangiza kusintha msanga kwambiri kuposa pamenepo. Pa giya ya otomatiki, makampani ena amanena kuti oyilo wake safunika kusintha, koma kampani ya ZF, imene imapanga magiya ambiri a BMW, imalangiza kuti azisinthidwa. Mitundu ina ili ndi matenda odziwika. Injini ya dizilo ya BMW yotchedwa N47 imadziwika ndi kutha kwa tcheni, ndipo tchenicho chili kumbuyo kwa injini, moti kuchifikira ndi ntchito yaikulu.

Dizilo wamakono ali ndi nkhani yakeyake. Malamulo a ku Ulaya oletsa utsi anachititsa kuti m'paipi ya utsi muikidwe sefa yogwira mwaye, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali. Galimoto yongoyenda kuchokera ku Area 47 kupita ku City Centre sipeza mpata umenewo, ndipo sefayo imatsekeka. Mitundu yatsopano imafunanso madzi a AdBlue, ndipo akatha injini imakana kulira. Mainjiniwa anapangidwira dizilo wa ku Ulaya amene ali ndi salifa wochepa kwambiri, magawo 10 pa miliyoni, ndipo dizilo wa salifa wambiri kapena wosakanizidwa ndi parafini, ngati amene amagulitsidwa m'zigubu mafuta akasowa, amawononga mainjekita. Nkhani ya utsiyi inagwetsapo ulemu wa makampani a ku Germany. Mu Sepitembala 2015 boma la America linaulula kuti Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yonamiza makina oyeza utsi. Magalimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse anakhudzidwa, ena a Audi, ndipo kampaniyo inawononga mayuro oposa 30 biliyoni pa zindapusa ndi zipukutamisozi.

Sipeya iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mashoko, masensa ndi matayala inakwera nthawi yomweyo, pomwe malipiro a anthu ambiri anatsala pomwe anali. Chothandiza n'chakuti makampani a magalimoto sapanga okha zipangizo zambiri. Amagula kwa Bosch, Mahle, Mann, Lemförder ndi ena, ndipo sipeya ya makampani amenewa m'bokosi lawolawo imakhala yotchipa kuposa ya m'bokosi la nyenyezi ya Mercedes-Benz, pomwe ubwino wake ndi womwewo. Choopsa ndi masipeya achinyengo ovala mabokosi a mayina omwewa.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa pa risiti. Mutu ukakula sulewa nkhonya: wofika pa benzi amauzidwa mtengo wina pa msika, amayembekezeredwa kupereka zambiri pa maliro ndi pa ukwati, ndipo achibale savomera akanena kuti mwezi uno zinthu zavuta.

Musanapereke ndalama

Amene watsimikiza mtima ayambe n'kupeza makaniko, galimoto pambuyo. Afunse m'tauni yake ngati muli munthu wodziwa mtundu umenewo, wokhala ndi makina ake owerengera, ndipo amufunse injini zimene zimamuvutitsa ndi zimene sizibwerabwera ku galaja. Mwa magalimoto onsewa, osavuta kusunga kuno ndi amene ali ambiri pa msewu, monga C-Class, E-Class, 3 Series ndi X3, a injini ya masilinda anayi, masipuling'i achitsulo ndi matayala okhuthala m'mbali. Nambala ya chasisi, imene ili ndi zilembo ndi manambala 17, ifanane pa galimoto ndi pa mapepala, ndipo ndi yomweyo imene imathandiza kuitanitsa sipeya yolondola. Galimoto iyesedwe injini ili yozizira, chifukwa phokoso la tcheni ndi utsi wa oyilo zimabisala injini ikatentha. Makina owerengera alumikizidwe wogula ali pomwepo, popeza nyali ya pa dashibodi ikhoza kuzimitsidwa kwa tsiku limodzi vuto lilipobe. Ndipo pa ndalama zonse zimene munthu wakonza, gawo lina lisapite kwa wogulitsa. Litsale la sevisi yoyamba, matayala ndi vuto loyamba, chifukwa galimoto ya zaka khumi siilephera kubwera nalo.

Magalimotowa ndi abwino ndithu. Pa ulendo wautali wa pa tala satopetsa, pa ngozi amateteza, ndipo osamalidwa bwino amakhalitsa. Amene amalira nawo kawirikawiri ndi amene anawerengera mtengo wogulira wokha. Galimoto imene inali ya mayuro 60,000 ili yatsopano imafuna mabuleki, oyilo ndi ukatswiri wa galimoto ya mayuro 60,000 mpaka tsiku limene idzasiye kuyenda, ngakhale mwini wake wa lero anaigula pa mtengo wa Corolla. Amene angakwanitse zimenezo popanda kukhudza fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza agule ndipo asangalale nayo. Amene sangakwanitse ndi bwino adikire kaye.